Database ya bungwe lathu la maliro ku Mufakose: ndiyambire pati?

Chikondi Banda, Mufakose

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera kudzapempha nzeru pa ntchito imene komiti ya bungwe lathu lothandizana pa maliro yandisenzetsa. Bungweli linayambitsidwa ndi agogo athu amene anachokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzagwira ntchito kuno ku Harare, ku Zimbabwe, mzinda uno ukadatchedwa Salisbury, ndipo mpaka lero mayina a mamembala ndi zopereka za mwezi ndi mwezi zimalembedwa pamanja m'mabuku amene amakhala kunyumba kwa alembi. Mamembala alipo mazana angapo. Ambiri amakhala ku Mufakose, ku Mbare, ku Highfield ndi ku Dzivarasekwa, koma ana a ena ali ku Johannesburg ndipo amatumiza zopereka za makolo awo kudzera mwa achibale.

Vuto limaonekera kwambiri pakagwa zovuta. Uthenga wa maliro umafika nthawi iliyonse, ngakhale pakati pa usiku, ndipo komiti isanatulutse ndalama za bokosi ndi za galimoto, alembi amayenera kufufuza m'mabuku angapo kuti atsimikize ngati malemuyo anali wolembetsedwa, ndiponso ngati banjalo lakhala likupereka mokwanira. Mabuku a alembi akasiyana ndi malisiti a msungichuma, mkangano umabuka pa nthawi imene anamfedwa akufunika chitonthozo. Chifukwa cha zimenezi komiti yagwirizana kuti pakhale pulogalamu ya pa intaneti imene alembi ndi msungichuma angatsegule pa foni, ndipo membala aliyense azitha kuonapo zopereka zake.

Ine ndimalemba mapulogalamu mu Python ndipo ndagwiritsapo ntchito Django, chida chomangira mawebusaiti, pa tintchito ting'onoting'ono, koma database, nkhokwe ya pa kompyuta yosungamo zolemba m'matebulo, yoti anthu aidalire zaka zambiri sindinaimangepo. Bungwe lilibe ndalama zogulira malayisensi, choncho tikufuna database ya open source, yomwe aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito osalipira. Ndikufunsa kuti pakati pa MySQL, MariaDB ndi PostgreSQL ndisankhe iti, ndiponso ngati kuli bwino kuika seva, kompyuta yosunga pulogalamuyo, kunyumba kwa alembi kapena kubwereka malo pa intaneti. Maganizo anga pakali pano ndi akuti ndipange tebulo limodzi la mamembala, nambala ya chitupa ikhale primary key, ndiko kuti chizindikiro chosiyanitsa mzere uliwonse ndi unzake, ndipo pakhale gawo losonyeza ndalama zonse zimene membala wapereka m'madola a ku America, limene msungichuma aziliwonjezera munthu akapereka. Anthu amapereka m'madola, mu ZiG, ndalama ya dziko lino, ndi mu rand, ena pamanja, ena pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, ndiye ndaganiza kuti zonse zizisinthidwira m'madola polowa kuti mawerengero asavute. Amene munayendapo njira imeneyi, chonde ndiunikireni.

L. Mbewe, Highfield

Achimwene a Banda, ntchito mwasenzayi ndi yolemera, ndipo mwachita bwino kufunsa musanapange tebulo loyamba. Za kusankha database ndiyankha mwachidule, chifukwa mbali yoopsa ya dongosolo lanu ili pa ndalama.

Zonse zitatu mwatchulazi ndi zokhwima, ndipo mamembala mazana angapo ndi katundu wopepuka kwa iliyonse. MySQL inatuluka mu 1995, kampani ya Sun inaigula mu 2008, ndipo Oracle itamaliza kugula Sun mu 2010 inakhala mwini wake. MariaDB inayambitsidwa mu 2009 ndi Michael Widenius, mmodzi mwa amene anayambitsa MySQL, pofuna kuti pakhale nthambi yosakhala m'manja mwa Oracle. PostgreSQL inachokera ku yunivesite ya California ku Berkeley, kumene Michael Stonebraker anayambitsa POSTGRES mu 1986, ndipo palibe kampani imodzi imene inganene kuti ndi yake. Popeza mukulemba mu Django, ine ndingasankhe PostgreSQL. Imakana deta yolakwika m'malo moikonza mwakachetechete, ndipo ngakhale kusintha kamangidwe ka matebulo kumachitikira mkati mwa transaction, ntchito imene imachitika yonse kapena osachitika konse, kotero kuti kusinthako, kumene timati migration, kukalephera pakati, zonse zimabwerera mmene zinalili. Version yaikulu iliyonse imasamalidwa zaka 5, choncho nthawi yosamukira ku yatsopano mumaidziwiratu.

Chimene ndikukupemphani kuti musiye ndi gawo lija la ndalama zonse pamodzi. Tonse okhala mu Harare tikudziwa zimene ndalama ya dziko lino yadutsamo. Banki yaikulu inachotsa maziro 3 mu 2006, maziro 10 mu Ogasiti 2008, ndi ena 12 mu Febuluwale 2009, chaka chimene dziko linayamba kugwiritsa ntchito ndalama zakunja. Ndalama za pepala zotchedwa ma bond note zinabwera mu 2016 ponenedwa kuti ndi zofanana ndi dola. Mu Febuluwale 2019 ndalama za m'mabanki zinasanduka RTGS dollar. Pa 5 Epulo 2024 ZiG inalowa m'malo mwa ndalama imeneyo pa mtengo wa 2,498.7242 pa ZiG imodzi, inayamba pa 13.56 pa dola, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho banki yaikulu inaitsitsa mphamvu mpaka kupitirira 24 pa dola. Bungwe la maliro limakhala zaka makumi ambiri, ndipo amene walowa lero akhoza kudzafuna thandizo patatha zaka 30. Mukasinthira chopereka m'madola pa nthawi yolowetsa, nʼkuchiphatikiza pa nambala imodzi, mwafafaniza chimene munthuyo anapereka kwenikweni, ndipo tsiku limene mwana wake adzafunse kuti mayi ake anapereka zingati mu Meyi 2024 ndiponso kuti zinasinthidwa pa mtengo wanji, palibe amene adzathe kuyankha.

Pangani tebulo la zopereka lapalokha, ndipo mzere uliwonse ukhale chopereka chimodzi monga mmene chinachitikira: umembala umene chikulipirira, tsiku, kuchuluka kwa ndalama, mtundu wa ndalamayo polemba USD pa madola, ZWG pa ZiG kapena ZAR pa rand, njira imene yadzera, nambala ya lisiti kapena ya EcoCash, ndi dzina la amene analandira. Mtengo wosinthira ukhale ndi tebulo lakelake lokhala ndi tsiku, mtengowo, ndi msonkhano wa komiti umene unauvomereza, pakuti tonse tikudziwa kuti mtengo wa kubanki ndi wa mumsewu zimasiyana, ndipo kusankha pakati pa iwiriyi ndi udindo wa komiti, osati wa wolemba pulogalamu. Koposa zonse, chopereka chilichonse chisonyeze miyezi imene chalipira. Usiku wa maliro komiti imafuna kudziwa kuti banjali lalipira mpaka mwezi uti, ndipo yankho limeneli silisintha ngakhale ndalama ya dziko itasinthanso dzina.

Mzere wa chopereka ukalembedwa usafufutidwe ndiponso usasinthidwe. Msungichuma akalemba 50 m'malo mwa 5, alembe mzere wina wobweza wolakwikawo pamodzi ndi chifukwa chake, kenako alembe wolondola, monga amachitira akauntanti aliyense m'buku la ndalama. Mu PostgreSQL lamulo limeneli mukhoza kulikhazikitsa mu database momwemo: akaunti imene pulogalamu imalowera nayo ipatsidwe mphamvu yolemba ndi yowerenga zokha (INSERT ndi SELECT) pa tebulo la zopereka, popanda yosintha kapena yofufuta (UPDATE kapena DELETE). Zotsala za membala zisasungidwe paliponse, koma ziziwerengedwa kuchokera m'mizereyo nthawi iliyonse zikafunika, ndipo index, mlozera wofulumizitsa kufufuza, pa nambala ya umembala ndi tsiku idzachititsa kuti yankho lizibwera nthawi yomweyo.

Palinso tizinthu tina tooneka tating'ono timene timawononga mabuku a ndalama. Ndalama zisungidwe mu NUMERIC, imene mu Django ndi DecimalField, chifukwa FLOAT siisunga 0.1 ndendende, ndipo masenti amayamba kusowa mizere ikachuluka. Nambala ya lisiti kapena ya EcoCash ikhale UNIQUE, pakuti netiweki ikachedwa munthu amadina kawiri, ndipo database yokha ndi imene ingakane mzere wachiwiriwo motsimikizika. Nthawi isungidwe mu timestamptz, koma mwezi uziwerengedwa pa nthawi ya Harare, imene ili maola 2 patsogolo pa UTC, nthawi imene dziko lonse lapansi limayendera. Chopereka chofika pa foni 1 koloko usiku pa 1 Juni chimaoneka ngati cha pa 31 Meyi mu UTC, ndipo ngati malamulo a bungwe lanu ali ndi tsiku lomaliza kulipira, maola awiri amenewa akhoza kudzetsa mlandu.

Mayi Naphiri, Dzivarasekwa

Ndikugwirizana ndi a Mbewe pa za ndalama. Ine ndilankhula za anthu, chifukwa ntchito yanga ndi ya kaundula, ndipo ndakhalapo mlembi wa amayi kumpingo kwathu.

Mwana wanga Chikondi, nambala ya chitupa isakhale primary key. Primary key imayenera kukhala chinthu chimene aliyense ali nacho ndipo sichisintha, koma anthu athu nkhani ya zitupa ndi bala lakale. Makolo ambiri obadwira konkuno ananyamula zitupa zowatchula kuti ndi alendo kwa zaka zambiri, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa gawo 43, anavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndi nzika mwa kubadwa ngati ankakhala m'dziko muno. Ena anakakonzetsa mapepala awo, ena mpaka lero sanathe, makamaka amene anakulira m'mafamu ndi m'migodi opanda setifiketi yobadwira. Obwera chaposachedwa ali ndi chitupa cha ku Malawi chimene chinayamba kuperekedwa kwa anthu onse mu 2017, ena ndi a ku Tete okhala ndi mapepala a Mozambique, ndipo ana osakwana zaka 16 alibe chitupa nʼkomwe. Pulogalamu imene ikukana kulemba munthu chifukwa alibe nambala idzatsekera kunja anthu amene bungweli linakhazikitsidwira. Database ipereke yokha nambala kwa munthu aliyense, ndipo zitupa zikhale m'tebulo lina losonyeza mtundu wa chitupa, dziko limene linapereka ndi nambala yake, lololeza kuti munthu akhale nazo ziwiri kapena asakhale nacho chilichonse.

Tebulo limodzi la mamembala silikwananso, chifukwa wopereka ndi mmodzi koma otetezedwa ndi banja lonse. Pakhale tebulo la anthu, tebulo la umembala, ndi lachitatu lolumikiza ziwirizi, lonena kuti munthu uyu ali pansi pa umembala uwu monga mkazi, mwana, mdzukulu kapena kholo, kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti. Masiku amenewa ndi ofunika kwambiri. Mwana amakula nʼkutsegula umembala wake, mayi wamasiye amapitiriza umembala wa amuna awo, agogo amatenga zidzukulu zamasiye chaka chili pakati, ndipo mikangano yambiri ya pa maliro imakhala ya funso lakuti malemuyo analembetsedwa liti. Musaiwale malo olembapo mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la kwawo, pamodzi ndi wachibale wa kumudzi woti adziwitsidwe, chifukwa alipobe amene anasiya mawu akuti akaikidwe kwawo, ndipo ulendo wodzera ku Nyamapanda, ku Tete mpaka ku Mwanza uli ndi mtengo wosiyana kwambiri ndi wa kumanda a mu Harare.

Mayina nawonso amafuna chisamaliro. Alembi a kale ankalemba mayina athu monga mmene anawamvera, kotero kuti munthu mmodzi ali ndi dzina la pachitupa, la kumpingo ndi la mfunda limene aliyense amamudziwa nalo, ndipo m'bungwe limodzi a Phiri a dzina loyamba lofanana akhoza kukhala angapo. Sungani dzina la pachitupa ndi dzina lodziwika nalo m'magawo awiri, ndipo kufufuza kuziyang'ana monsemo. Mukamayesa pulogalamu, yesani ndi mayina onga Ng'oma ndi M'bwana. Kachizindikiro kali m'mayinawa ndi komwe SQL, chilankhulo chofunsira database, imatsekera nako mawu, ndiye ngati funso lopita ku database lapangidwa pongolumikiza mawu olembedwa ndi munthu, dzina lotere limaligwetsa, ndipo pa khomo lomwelo ndi pamene akuba amalowetsera malamulo awo. ORM ya Django, mbali imene imakulemberani mafunso a SQL, imatumiza mawu padera ndi funso, choncho ndinu wotetezedwa bola musailambalale. Database yonse ikhale UTF-8 kuti chilembo ŵ chisasanduke zizindikiro zosawerengeka, monga zinkachitikira pa MySQL yakale imene inkayamba ndi latin1 isanafike version 8.0.

Komiti idziwenso kuti ikunyamula udindo pamaso pa lamulo. Dziko lino lili ndi Cyber and Data Protection Act ya 2021, bungwe la boma loona za mapositi ndi matelefoni la POTRAZ ndi limene limayang'anira, ndipo mu 2024 kunatuluka malamulo okhudza malayisensi a osunga deta ya anthu. Lamuloli limakhudzanso kutumiza deta kunja kwa dziko, choncho musanasankhe kumene seva ikakhale, wapampando akafunse zimene bungwe la msinkhu wanu likuyenera kuchita. Musasunge chimene simukuchifuna. Matenda amene munthu wamwalira nawo alibe ntchito m'kaundula wa zopereka, ndipo membala aziona za banja lake lokha.

Yamikani, Epworth

Ndikulemekeza uphungu wa akuluakulu, ndipo pa kamangidwe ka matebulo ndilibe chowonjezera. Koma pa kusankha PostgreSQL ndili ndi nkhawa imene ndikufuna a Banda aiganizire bwino.

PostgreSQL ndi seva imene imafuna woisamalira: kuika zigamba za chitetezo, kusamutsa deta version ikatha nthawi yake, kuyang'ana ngati disiki yadzaza. Achinyamata odziwa ntchito imeneyi sakhalitsa mu Harare. A Banda akapeza ntchito ku Johannesburg chaka chamawa, adzatsale ndi ntchitoyi ndani? Mabungwe ambiri ang'onoang'ono ali ndi mapulogalamu abwino amene anaima tsiku limene wowalemba anachoka. Pa bungwe limene olemba ndi anthu awiri okha, alembi ndi msungichuma, ine ndingaganizire SQLite, database yaing'ono yosafuna seva yakeyake. D. Richard Hipp anaitulutsa mu 2000, ilibe layisensi yomanga aliyense, ili m'foni iliyonse ya Android ndi iPhone, ndipo database yonse ndi fayilo imodzi. Imalola wolemba mmodzi pa nthawi imodzi, koma mukaika kalembedwe kotchedwa WAL mode owerenga sadikira wolemba, ndipo chopereka chimodzi chimalembedwa m'kanthawi kochepa kwambiri moti anthu awiri sangazindikire kuti adikirana. Django imabwera nayo kale.

Sindibisa zofooka zake. SQLite ilibe mtundu weniweni wa NUMERIC monga wa PostgreSQL, choncho ndalama ndi bwino kuzisunga m'masenti ngati INTEGER. Ilibenso maakaunti ndi GRANT, lamulo logawira mphamvu, ndiye kuletsa kufufuta kuyenera kuchitika ndi trigger, kalamulo kodziyendera kokha wina akayesa kusintha tebulo. Ndipo fayiloyo isakopedwe wamba pamene pulogalamu ikulemba. Pali lamulo la .backup ndi la VACUUM INTO zopangidwira ntchito imeneyi.

Za seva kunyumba kwa alembi, ndikukana kwathunthu, kaya musankhe database iti. Mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo mu Novembala 2022 madzi atachepa ku Kariba, bungwe loyang'anira mtsinje wa Zambezi linalamula kuti kupanga magetsi ku mbali ya Zimbabwe kuime kaye. PostgreSQL, InnoDB ya MySQL ndi SQLite zonse zimalemba kaye m'kaundula wapadera zisanatsimikize transaction, kotero kuti magetsi akazima mwadzidzidzi zimadzikonza poyaka, koma chitetezo chimenechi chimadalira disiki imene imanena zoona kuti yalembadi, ndipo madisiki otchipa ena satero. Kuwonjezera apo mufunika sola, batire, intaneti yosaduka ndi nyumba yosalowa akuba. Ndalama zimenezo zimaposa kubwereka kaseva kakang'ono kwa zaka zingapo. Pomaliza, masamba a pulogalamu akhale opepuka, opanda zithunzi zolemera, chifukwa membala amene wagula bandulo ya WhatsApp yokha sadzawononga ndalama zake kuti aone zopereka.

Chikondi Banda, Mufakose

Zikomo kwambiri bambo Mbewe, mayi Naphiri ndi achimwene a Yamikani. Ndajambulanso matebulo: anthu, zitupa, umembala, otetezedwa, zopereka ndi mitengo yosinthira, ndipo nkhani ya lamulo ndaipereka kwa wapampando. Za seva ya kunyumba ndazisiya. Pakati pa PostgreSQL ndi SQLite ndikadalingalira, chifukwa funso la a Yamikani lakuti adzatsale ndi ntchitoyi ndani ndi loona. Ndatsala ndi mafunso ena. Kodi backup, kope la database losungidwa padera, ndiikonze motani kuti komiti ikhale ndi mtima pansi? Nanga netiweki ikasowa usiku wa maliro, alembi atani? Ndiponso mabuku akale, amene ena analembedwa m'madola a Zimbabwe a zaka za m'ma 1990, ndiwalowetse onse kapena ndiyambire chaka chino?

L. Mbewe, Highfield

A Yamikani anena zoona, ndipo SQLite ikhoza kuigwira ntchitoyi. Ine ndikhalabe pa PostgreSQL pa chifukwa chimodzi: bungwe la maliro limakhala ndi moyo chifukwa anthu amakhulupirira kuti palibe amene angasinthe mabuku mobisa, ndipo database imene ili ndi maakaunti osiyana, imene akaunti ya pulogalamu ilibe mphamvu yofufuta chopereka, imapereka chitsimikizo chimene mungathe kuchifotokoza pa msonkhano waukulu. Nkhawa ya wosamalira ili ndi mankhwala ake amene akufunika ngakhale mutasankha SQLite. Akaunti ya seva ndi dzina la webusaiti zilembetsedwe m'dzina la bungwe, osati lanu, a Banda. Wachinyamata wachiwiri aphunzire ntchitoyi kuyambira lero. Njira zonse, kuyambira poyatsa seva mpaka pobwezeretsa backup, zilembedwe m'chikalata chimene munthu wina angatsatire inu mulibe, ndipo mapasiwedi akuluakulu asungidwe mu envelopu yomata kwa wapampando.

Seva ikhoza kukhala kwa makampani a konkuno amene amalandira malipiro a m'dziko muno, kapena ku South Africa, kumene Microsoft inatsegula malo ake a maseva ku Johannesburg mu 2019 ndipo Amazon ku Cape Town mu 2020. Ya ku South Africa imayankha msanga kuposa ya ku Ulaya, koma imafuna khadi yolipira m'madola, ndipo ikudikira yankho la funso la lamulo limene mayi Naphiri adzutsa. Kulikonse kumene ikakhale, port 5432, khomo lolowera ku PostgreSQL, isatsegulidwe ku intaneti. Pulogalamu ndi database zikakhala pa makina amodzi, PostgreSQL imvetsere pa localhost pokha, ndiko kuti pa makina omwewo, ndipo pg_hba.conf, fayilo yonena ololedwa kulowa, ilole akaunti ya pulogalamu yokha.

Pa msinkhu wanu backup siifuna zida zovuta. Lamulo la pg_dump, lokopera database, liziyenda usiku uliwonse kudzera mu cron, imene imayendetsa malamulo pa nthawi yoikika, fayilo yotulukayo itsekedwe ndi pulogalamu ya GPG chifukwa muli mayina ndi zitupa za anthu, kenako itumizidwe kumalo ena osakhala kampani yomwe ikusunga seva. Musamafufute ya dzulo polemba ya lero. Sungani za masiku angapo, za masabata angapo ndi imodzi ya mwezi uliwonse, pakuti cholakwika china chimadziwika patapita nthawi. Chofunika koposa ndi kuyesa. Kamodzi pa mwezi tengani fayilo imodzi, muibwezeretse ndi pg_restore pa laputopu, muwerengere zopereka za mweziwo pa mtundu uliwonse wa ndalama, nʼkuyerekeza ndi zimene msungichuma ali nazo m'manja ndi pa foni. Mwezi wina ayese mnzanu wachiwiri uja, inu osamuthandiza. Zida zonga pgBackRest, zobwezeretsa database pa mphindi imene mwasankha, ndi za mtsogolo. Kwa inu kutaya zolemba za tsiku limodzi kumakonzeka ndi buku la malisiti, choncho malisiti a pepala asasiyidwe.

Za usiku wa maliro, pulogalamu izitulutsa kumapeto kwa mwezi uliwonse mndandanda wa umembala uliwonse, otetezedwa ake ndi mwezi umene walipira. Mndandandawo usindikizidwe, usainidwe ndi msungichuma, ndipo ukhale kwa alembi ndi kwa wapampando, wopanda manambala a zitupa. Usatumizidwe pa gulu la WhatsApp la mamembala onse.

Mayi Naphiri, Dzivarasekwa

Funso la mabuku akale ndiliyankhe ine. Musayese kusinthira ndalama za m'ma 1990 kukhala madola a lero, chifukwa palibe mtengo umene anthu onse angauvomereze, ndipo simukuufuna. Chofunika kuchokera m'mabuku amenewo ndi tsiku limene banja linalowa, anthu amene linalembetsa, ndi mwezi womaliza umene linalipira. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, zithunzizo zisungidwe pamodzi ndi backup, ndipo mzere uliwonse wochokera m'buku ukhale ndi gawo lonena buku ndi tsamba limene wachokera. Zopereka zimodzizimodzi muzilowetse kuyambira zaka zaposachedwa zimene malisiti ake alipo, m'ndalama imene zinaperekedwa.

Polowetsa pakhale anthu awiri, wina akuwerenga mokweza, wina akulemba, ndipo mmodzi mwa iwo akhale wachikulire wodziwa mabanjawa, amene angazindikire kuti mayina awiri osiyana kalembedwe ndi a munthu mmodzi. Pamene buku la alembi lasiyana ndi lisiti, inu a pa kompyuta musagamule. Ikani chizindikiro pa umembala umenewo kuti ukudikira komiti, banjalo liitanidwe libwere ndi malisiti ake, ndipo chigamulo chilembedwe pamodzi ndi tsiku la msonkhano. Mndandanda woyamba uwerengedwe pa msonkhano waukulu kuti banja lililonse livomereze mwezi umene lalembedwa, ndipo mabuku apitirire kulembedwa limodzi ndi pulogalamu kwa miyezi ingapo mpaka mawerengero a mbali ziwirizi azigwirizana mwezi ndi mwezi. Mukamaliza kujambula matebulo, Chikondi, tionetseni musanayendetse migration yoyamba, koma muikemo mayina ongopeka, osati a mamembala enieni.